Dzina Langa Linkaba Ine Ndili Kumunda

Khalani pansi amayi, ndipo inu akumbuyoko sunthirani kuno, mawu anga anapsa ndi kachasu, sindingathe kukuwa. Ee, ndati kachasu. Musayang'anane, ndayamba dala ndi chimene mumanong'onezanacho kuti tithane nacho msanga. Ine ndine Esnati Mangani. Kwathu ndi ku Mulanje, koma ndakalambira kuno ku Nsaru, m'minda ya fodya ya eni ake. Ena mwa inu mwatsika pa lole chaka chomwe chino, fumbi la kwanu likadali m'mapazi, ndipo ndi inu makamaka amene ndabwerera. Ine ndinalibe mbuzi, ndinalibe njinga, ngakhale foni ndinalibe. Chimene ndinali nacho ndi dzina, loti mayi uyu sagwira cha mwini. Dzinalo ndi limene anandibera, ndipo mpaka lero ndikulimbana kuti libwerere lonse.

Mukudziwa mmene zimakhalira pa esiteti. Tenanti akafika, asanamuonetse ndi nyumba yomwe, kapitawo watambasula kale dzanja: "Ziphaso." Cha bambo, cha mayi chomwe. Ati kuopa kuti mungathawe pakati pa nyengo mutadya phoso, chimanga chija abwana amatipatsa tikudikira fodya. Ati mudzatenga fodya akagulitsidwa. Palibe amene amafunsa, chifukwa ndi mmene tinazipezera. Kapitawo wathu anali a Mbewe, munthu wa mawu ofewa, wosayamba kudya asanapemphere. Anatolera ziphaso zathu zaunzika n'kuziika m'chitini cha mabisiketi. Ine mpaka ndinathokoza, abale! Ndinati bola kumeneko, kunyumba kwathu ana angaseweretse. Ndinagwada pothokozapo, mawondo onse awiri pansi.

Tsiku limene anabwera apolisi tinali m'chigafa choumitsiramo fodya, tikusoka fodyayo. Galimoto inaima, wapolisi n'kuitana dzina langa lonse, ndi chaka chimene ndinabadwa chomwe. Ndinadzuka ndikupukuta manja, ndikuganiza kuti kwathu kwagwa zovuta.

"Ndinu amene mukumabera anthu pa foni?"

Ndinaseka. Zoona ndinaseka, ndinkayesa nthabwala. Ndinati, "Bwana, foni yake iti? Ine ndikafuna kulankhula ndi akwathu ndimabwereka ya anzanga, ndipo amachita kundidinira."

Anandifotokozera ngati akufotokozera mwana. Munthu akafuna layini ya foni amalembetsa ndi chiphaso. Wina akatumiza ndalama pa nambala imeneyo, dzina limene limatuluka ndi la mwini chiphaso. Anthu ambiri anali atanamizidwa, wina kuti mwana wake wadwala, wina kuti wapata mphoto, ndipo onsewo potumiza ankaona dzina limodzi: Esnati Mangani. Dzina langa linali litayenda mpaka ku Mzuzu, kumene ine mwini wake sindinapondeko.

Mtima unakhala pansi, ndinati apa palibe vuto. "Chiphaso changa chili kwa a kapitawo, chibwerereni pa esiteti pano."

A Mbewe anavula chipewa mwaulemu. "Ine bwana? Sindisunga ziphaso za anthu. Si zololedwa zimenezo."

Wapolisi anatembenukira kwa matenanti anzanga. "Alipo amene anapereka chiphaso kwa bambo awa?"

Zii. Anthu amene tinaima nawo pamzere umodzi popereka, amayi amene ndinawagwirira ana pobereka, onse zii. Aliyense ankaganiza za fodya wake wosagulitsa, ndi chiphaso chake chimene chinali chikadali m'chitinimo. Ndinayang'ana bambo a Lute, mwamuna wanga. Iwo maso anali pa singano yosokera fodya, akuitembenuza ngati aiona koyamba. Zimenezo sindinaziiwale, ndipo musandiuze kuti ndiiwale.

Kuchoka apo zinthu zinatsetsereka. Ndinakhala pa rimandi, kudikira mlandu m'ndende, mvula yonse yotsala mpaka chimanga chinauma m'minda. Nsabwe, chidebe chimodzi chipinda chonse, nyemba za anankafumbwe. Akaidi anzanga ankanditcha abwana a mafoni, ena n'kumandipempha kuti ndiwaphunzitse ntchito. Kukhoti odandaula anatopa n'kulipira minibasi, anasiya kubwera. Apolisi foni sanaipeze, ndalama sanazipeze. Woweruza anati umboni sukukwanira, mayi pitani. Mvetsani bwino pamenepo. Sananene kuti sindinabe. Anati umboni sukukwanira, ndipo kumudzi mawu amenewo amawamasulira kuti mbava yochenjera.

Nditafika pa esiteti ndinapeza m'nyumba mwathu mukufuka utsi wa tenanti wina. Abwana anali atathamangitsa banja lathu fodya asanapite ku okushoni kukagulitsidwa, thukuta la chaka chonse n'kupita pachabe. Bambo a Lute anatenga ana kubwerera ku Mulanje, n'kusiya uthenga woti ndisawatsatire, ana asamatchedwe a mbava. Kutchalitchi, kumene ndinaimba kwaya ya amayi mpaka tsitsi kuyamba kuyera, dzina langa linali litawerengedwa kale kutsogolo: wadulidwa mu mpingo chifukwa cha kuba. Palibe mkulu wa mpingo ndi mmodzi yemwe amene anabwera kundende kudzandifunsa. Ganyu anasowa. Ndikamadutsa pamsika, amayi ankagwira mfundo ya chitenje pamene amanga ndalama, n'kuimanganso kachiwiri ine ndikuona.

Amene anandilandira ndi mayi wina wotcheza kachasu kuseri kwa msika wa Nsaru. Ndinkamutungira madzi, kumutolera nkhuni, malipiro ake kabotolo ndi pogona pakhonde. Poyamba ndinkamwa kuti ndipeze tulo. Kenako ndinkamwa kuti manja asiye kunjenjemera. Kenako ndinkangomwa basi. Ndikuuzani osabisa: ndinagonapo m'ngalande dzuwa likuswa mtengo, ndinadzikodzerapo anthu akuona, dzino ili lakutsogolo ndinalisiya pa mwala wa pamjigo. Bulauzi yanga yoyera ya amayi a mpingo, imene ndinkaisita ndi makala Loweruka lililonse, ndinaisinthanitsa ndi botolo limodzi. Akulu a mpingo atamva, anawonjezera pa mlandu wanga: kuba ndi kuledzera. Apo pokha ndiye sananame.

Ndinkati nkhani ya mafoni inatha ndi khoti. Za chiphaso sindinaziganizirenso. Ndinkati munthu wopanda dzina achita nacho chiyani chiphaso?

Ndiye linafika tsiku lina la msika, masana, dzuwa lili pamutu. Ndinali nditakhala pansi, nsana nditatsamira khoma, kabotolo kali pakati pa miyendo. Panalowa mayi wina wachikulire, wovala bwino, nsapato zopukuta, magalasi m'maso. Pamalo ngati paja munthu wotero saoneka, moti ngakhale zidakwa zinasiya phokoso. Anali a Namwale, mphunzitsi wopuma wa kufupi ndi Namitete, koma nthawi imeneyo sindinkawadziwa.

"Ndikufuna Esnati Mangani."

Anthu anandiloza ndi milomo. Anabwera n'kuima patsogolo panga.

"Ndinu?"

"Ndine," ndinatero. "Mwabwera ndi unyolo kapena botolo? Ngati si chimodzi mwa ziwirizi, mukunditchingira dzuwa."

"Mulibe manyazi, mayi inu?" anatero, akundiloza ndi chala. "Munandiimbira kuti ndinu nesi, mdzukulu wanga wakomoka kusukulu yogonera konko, pakufunika galimoto yothamangira naye kuchipatala. Mwana wamasiye, amene ndamulera ndekha! Ndinagulitsa mbuzi pamtengo wolira, n'kutumiza. Ndinathamanga ngati wamisala mpaka kusukuluko, kukapeza mwana ali phee m'kalasi akulemba. Ndafunsa dzina lanuli m'mipingo yonse mpaka andilozera kuno."

"Zachitika liti zimenezo?"

"Sabata yathayi."

Mowa unayamba kutsika m'mutu. "Sabata yatha ine ndinali pompano. Funsani dothi ili, likundidziwa bwino."

Anayang'ana mapazi anga ong'ambika, chitenje changa chimene mtundu wake sunkadziwikanso, manja anga. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Foni yanu ili kuti?"

Pamalo ponse panaphulika chiseko. Mayi wa kachasu uja anati, "Ameneyu foni? Angakhale nayo mpaka madzulo osaimwera?"

A Namwale sanaseke. Anatsegula kachikwama, n'kutulutsa foni yawo. "Nambala ija ikadali yamoyo," anatero. "Dzulo lomweli amandiuza kuti nditumize ina, ati ya mankhwala. Sakudziwa kuti ndinafika kusukulu." Anadina, n'kuikweza mawu kuti tonse timve, n'kuigwira pakati pa iwo ndi ine. Inaitana. Ine ndili pompo, manja anga onse awiri ali poyera, foni ikuitana kwinakwake pa dzina langa.

Anayankha mtsikana. Mawu osalala, a munthu wodya bwino.

"Halo agogo, ndine Esnati Mangani. Mwatumiza yotsala ija?"

Amayi, sindikudziwa ngati mungamvetse. Kukhoti anandiwerengera mlandu, kundende ananditukwana, koma zonsezo zinali zongomva. Apa ndinamva ndi makutu anga munthu atavala dzina langa ngati chitenje chobwereka, akulitchula mosaphonya, mokoma kuposa mmene ndimalitchulira ine. Ndinatsomphola foni ija m'manja mwa a Namwale.

"Iwe! Esnati Mangani ndine! Dzina limenelo anandipatsa mayi anga ku Mulanje, iwe unalitola kuti?"

Kunamveka kunong'onezana. Kenako foni anaitenga mwamuna.

"Aaa, ndi a Esnati eni ake? Mwaswera bwanji, mayi? Lero mwagwetsa mabotolo angati?" Ankalankhula mwaulemu, akuseka. "Pitani kupolisi mukawauze, musachedwe. Koma muyambe mwatsuka m'kamwa, fungo lokhalo angakutsekereni." Foni n'kudula.

Palibe anasekanso. Ine ndinangokhala, foni ili m'manja. Mawuwo sindinawazindikire, sanali a Mbewe, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti anali ndani. Mwina ndimamupatsa moni pamsika. Koma iye ankandidziwa. Ankadziwa pamene ndimakhala, ankadziwa chimene ndimamwa, ndipo chinkamusangalatsa. Pamenepo m'pamene mutu unatseguka. Anthu amenewa ankafuna ine ndikhale mmene ndinalirimo. Chidakwa chikalankhula amachimvera ndani? Ine ndinkati ndikumwa kuti ndiiwale, osadziwa kuti ndikuwagwirira ntchito ya ulonda, yaulere, iwo akudya nyama pa dzina langa.

Sindikunamizani kuti ndinaona kuwala kapena ndinamva mawu ochokera kumwamba. Chimene chinandidzutsa ine ndi mkwiyo. Ndipo kabotolo kaja sindinakataye pansi monga amanenera ena popereka umboni. Ndinakamaliza, ndikulira, mamina ali chuchuchu. Koma kanali komaliza.

A Namwale anatenga foni yawo, n'kuipukuta ndi kansalu. Sanandipepese, sanandigwire paphewa. Anangoti, "Mawa m'mawa ndikupezeni pa siteji ya minibasi muli osamwa. Mukabwera mukununkha, ine ndikapereka dzina lanu kupolisi monga ndinakonzera, zanu zikhala zanu."

Ndinafika. Manja akunjenjemera moti sindikanatha kugwira kapu, thukuta lili kamukamu, koma ndinafika.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene pali phindu lanu. Tinayambira kupolisi. Wapolisi wa pa kauntala atandiona anati, "Abwana a mafoni, mwabweranso?" Ndikanakhala ndekha ndikanabwerera pakhomo pomwepo. Koma a Namwale anati, "Ine ndine wodandaula, ndipo ndine mboni. Ndinaimba nambalayo mayi awa ali patsogolo panga chimanjamanja. Lembani." Tinanena kuti chiphaso changa chili m'manja mwa anthu ena ndipo akuchigwiritsa ntchito. Anandipatsa kalata ya chidindo. Chimenecho ndikanachita tsiku lomwe ndinatuluka m'ndende, koma palibe anandiuza. Chiphaso chikachoka m'manja mwanu, kaya chatayika, kaya wina akukana nacho, musagone. Kanenani, ndipo musachokeko opanda pepala. Ngati mukuopa, tengani munthu amene saopa kauntala.

Kenako tinakwera ya ku tauni, ku ofesi yeniyeni ya kampani ya mafoni, osati kwa ejenti wa pansi pa ambulera. Tinapempha kuti ationetse malayini onse olembetsedwa pa chiphaso changa. Mtsikana wa pamenepo anadinadina pa kompyuta, n'kundiyang'ana, n'kuyang'ananso kompyuta. Ine wosadziwa kudina foni ndinali ndi malayini ochuluka kuposa ana amene ndinabereka. Ndinati tsekani onse, musasiyeko ndi imodzi yomwe. Ndinali wokonzeka kubwerera kwathu, koma a Namwale anati ayi, kampani si imodzi. Tinapita kwinako, n'kupezanso ena. Musaiwale zimenezo, mukatseka khomo limodzi iwo amatulukira linalo.

Chiphaso chatsopano ndinakachipempha ku boma, ndi kalata ya apolisi ija. Ulendo woyamba makina afa. Wachiwiri bwana wake wapita kumaliro. Ndinapitabe mpaka chinatuluka. Nthawi yonseyo ndinkakhala kwa a Namwale, ndikuwalimira dimba. Sabata zoyamba zinali zowawa kuposa ndende, ndinkasanza, ndinkaona zinthu zikuyenda pakhoma. Kuchipatala cha mishoni anandithandiza ndi mankhwala. Ndikamva fungo la kachasu mpaka lero malovu amadzadza m'kamwa, n'chifukwa chake kuseri kwa msika sindidutsako, ndimazungulira njira ya kuchigayo ngakhale ili yaitali.

Nditalimba miyendo ndinabwerera pa esiteti paja. Sindinapite ku ofesi, ndinapita pamjigo pamene amayi amatunga madzi. Ena anandiona n'kuyang'ana kumbali. Ndinati, "Musandipatse moni, sindinabwerere moni. Munakhala chete tsiku lija kuti muteteze ziphaso zanu. Chabwino. Kodi mukudziwa chimene ziphaso zanuzo zikuchita panopa, inu muli pano ndi ndowa?" Ndinawauza zonse. Mawa lake anapita gulu, amayi ndi abambo, kukaitanitsa ziphaso zawo. A Mbewe anati kiyi wa kabati mmene munali chitini chija wasowa. Anthu anakhala pansi pakhomo pa ofesi, fodya osamukhudza, mpaka abwana anatulukira. Chitini chitatsegulidwa, ziphaso zina munalibe, changa chakale chomwe munalibe. Amene anapita kukafunsa ku tauni, angapo anapeza malayini amene sanawalembetsepo. Mmodzi mwa iwo ndi mayi amene ankamanga mfundo ya chitenje kawiri ndikamadutsa. Anabwera kudzandilirira. Ndinamupatsa mpando, koma misozi yanga sindinamupatse.

Mukufuna kudziwa za a Mbewe, eti? Anasamuka. Akuti ali pa esiteti ina cha ku Mchinji, akadali kapitawo, akadapemphererabe chakudya. Apolisi akuti akufufuza. Kaya ankagulitsa ziphasozo, kaya ankabwereketsa, kaya ankadya nawo, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinapereka m'manja mwawo, ine n'kukagona pa simenti, iwo pa matiresi.

Ndiye inu obwera kumene, wina akatambasula dzanja kuti ziphaso, muonetseni chili m'manja mwanu, awerenge, alembe dzina ngati akufuna, chibwerere m'thumba. Akati ntchito palibe popanda kusiya chiphaso, musayankhe mmodzimmodzi, yankhani nonse pamodzi, chifukwa fodya sadzisoka yekha. Nthawi ya feteleza wotsika mtengo kumabwera anyamata a njinga zamoto, ati tipatseni chiphaso tikakugulireni feteleza, kapena mutigulitse gawo lanu. Amakupatsa ya sopo, chiphaso n'kukagona kwa iwo sabata yathunthu. Mukudziwa kumene chimagona? Ena amangoti tingochijambula pa foni, mayi, sititenga. Chithunzicho n'chokwanira kukumangitsani. Amene muli ndi foni, nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni musamauze ejenti kuti akudinireni, ngakhale akhale mwana wa mlongo wanu. Ndipo wina akakuimbirani kuti mwana wadwala, dulani, imbirani aphunzitsi amene mukuwadziwa. A Namwale ndi mphunzitsi, anaphunzitsa anthu amene lero ndi mabwana, koma mantha a mwana anawatseka maso. Ine pano ndili ndi layini imodzi, yolembetsa ndekha, ndipo ndikapita ku tauni ndimadutsa ku ofesi kuja kukafunsa ngati dzina langa laberekanso ana kumbali. Amandiseka, koma amayang'ana.

Pa pepala ndinayera. Ana anayamba kundiimbira, Lute anabwera kudzandiona. Chinatsala n'chimodzi. Dzina langa linawerengedwa kutsogolo kwa mpingo kuti ndine wakuba, ndipo ndinkafuna liwerengedwenso pomwepo, anthu omwewo akumva, kuti sindinali.

Ndinalowa kalasi ya olapa. Ndinakhala pa benchi limodzi ndi atsikana otenga mimba ndi abambo a mitala, ine wa imvi, osajomba. Ndinapereka makalata a apolisi ndi a kampani kwa akulu a mpingo. Anawalandira ndi manja awiri. Itayandikira Sabata ya Mgonero, pamene olapa amabwezeretsedwa, mlembi wa mpingo anandiitanira pambali.

"Mayi Mangani, makalata anu tawaona, ndipo ife patokha tikukhulupirira. Koma bwalo la akulu linagamula kale kuti kuba ndi kuledzera. Kuti tichotsepo mawu amodzi, ndiye kuti bwalo linalakwa, ndipo nkhaniyo iyenera kupita kutsogolo, ku bwalo lalikulu la mpingo, ikatenga nthawi. Inu mungovomera zonse. Ndi 'inde' mmodzi basi, zithe, mudye Mgonero. Mulungu akudziwa zoona zake."

Ndisakubisireni, ndinalakalaka. Ndinali nditatopa, abale. Ndinkafuna kukhalanso pakati pa amayi anzanga, kuimba, kulandira kachikho kaja ngati munthu. A Namwale anandisokera bulauzi yoyera yatsopano, n'kubwera kuchokera ku Namitete kudzaonerera. Ndinaimirira kutsogolo ndisanadziwe chimene ndiyankhe.

Abusa anafunsa mmodzimmodzi, aliyense inde, inde. Anafika pa ine.

"Esnati Mangani, kodi mukulapa tchimo la kuba ndi la kuledzera?"

Tchalitchi chinali chodzadza. Ndinaona nkhope za pa esiteti, anthu amene ankadziwa bwino lomwe za chitini chija. Inde anali kale pa lilime. Koma ndinaganiza kuti mtsikana wa pa foni uja ananama ndi dzina langa, a Mbewe ananama, ndipo tsopano akufuna bodza lomalizalo ndilinene ndekha, ndi pakamwa panga, m'nyumba ya Mulungu. Ndikanena, palibenso kalata ya chidindo imene ingalifufute.

"La kuledzera ndikulapa, abusa," ndinatero. "Ndinamwa ndine, palibe anandigwira pakhosi. Koma la kuba ayi. Sindinabe. Anandibera ndine."

Kunamveka phokoso ngati njuchi. Mlembi anagwira mutu. Abusa anayang'ana akulu a mpingo, akulu anayang'ana pansi. Kenako abusa anati, mofatsa ndithu, "Mayi, kakhaleni kaye. Nkhani yanu tidzaionanso."

Mukudziwa mwambo wake. Nthawi ya Mgonero ikakwana, amene sadya nawo amatuluka. Ndinatuluka ndi ana ndi akalasi, bulauzi yanga yatsopano ili mbee, anthu akundipatsa njira. Ndinakakhala pa muzu wa mtengo kuseri kwa tchalitchi. M'katimo anayamba nyimbo ya Mgonero, nyimbo imene ndinkaitsogolera ine. Ndinaluma chitenje kuti ana asamve kuti ndikulira.

Ndinamva mapazi kumbuyo. A Namwale, munthu amene chibatizidwireni sanaphonyepo Mgonero, anali atanyamuka pakati pa nyimbo, mpingo wonse ukuona, n'kutuluka.

Ndinati, "Mayi, bwererani, muphonya."

"Sunthani," anatero. "Muzuwu ndi wa tonse."

Papita Migonero ingapo chichitikireni zimenezo. Nkhani yanga akuti ikadali kutsogolo. Nthawi iliyonse mlembi amandiitanira pambali, amati mayi, ndi mawu amodzi okha. Ndimamuuza kuti ndikudziwa, bambo, ine ndinapereka kale kamodzi ndikugwada, ndikuthokoza. Kachiwiri sindipereka. Ndidzadya Mgonero tsiku limene adzawerenge dzina langa lopanda mawu amenewo, ndipo ngati tsikulo lidzandipeza ndili m'bokosi, adzaliwerengere pamanda, koma adzaliwerenge bwino.